Mmene mungaonere atombolombo ku Nyanga ndi ku Vumba

Ambiri a ife okhala ku Mabvuku, Tafara, Mbare ndi Mufakose tikamva za tchuthi cha ku Nyanga, kumapiri a kum'mawa kwa Zimbabwe, maganizo amathamangira ku mahotela ndi ku ndalama zimene tilibe. Ena amati kumapiri kulibe choona chifukwa kulibe njovu ndi njati za ku Hwange. Ine ndimapita kumeneko kukaona atombolombo, ndipo ndikufuna nanunso mukayese. Sipafunika galimoto yamphamvu kapena kamera yodula. Pamafunika kudziwa madzi oyenera, kufika pa ola loyenera, ndi kukhala pansi osayendayenda. Chomalizachi ndiye chimavuta anthu, choncho ndichedwapo.

Yambirani kuno ku Harare

Musadikire kuti mukaphunzirire kumapiri. Masiku a tchuthi ndi ochepa, ndipo diso losazolowera limangoona tizinthu tofiira ndi tabuluu tikudutsa. Ife a kum'mawa kwa mzinda tili ndi damu la Cleveland pafupi, pamsewu wa ku Mutare. Kuli Mukuvisi Woodlands, kulinso dambo la Monavale chakumadzulo. Cleveland ndi Monavale ali pakati pa malo 7 amene Zimbabwe inalembetsa m'chaka cha 2013 pansi pa pangano la Ramsar loteteza madambo. Loweruka m'mawa dzuwa likakwera, pitani pamalo amodzi mwa amenewa mukaphunzire zinthu ziwiri.

Choyamba ndi kusiyanitsa magulu awiri. Alipo atombolombo athupi lonenepa, ouluka mwamphamvu, amene akatera amasiya mapiko ali chitambasukire, ndipo maso awo akuluakulu nthawi zambiri amakhudzana pamwamba pa mutu. Alipo ena athupi lopyapyala kwambiri, ouluka mofooka pakati pa udzu, amene akatera amapinda mapiko pamsana, ndipo maso awo ali motalikirana, lina uku lina uku. Akatswiri amatcha oyambawo Anisoptera, achiwiriwo Zygoptera. Padziko lonse magulu awiriwa ali ndi mitundu yoposa 6,000. Mukangotha kunena kuti uyu ndi wa gulu lonenepa, uyo ndi wa gulu lopyapyala, theka la masamba a buku lodziwira mitundu lachoka panjira.

Chachiwiri ndi kudziwa bwino mitundu inayi imene ili ponseponse, kuti mukakumana ndi wachilendo kumapiri mtima ukuuzeni msanga kuti uyu ndi wina. Wofiira psuu, wathupi lophwatalala, wokonda kutera pa udzu wa m'mbali mwa dziwe, ndi Crocothemis erythraea. Wofiira wina woonda, wa mitsempha yofiira m'mapiko, amene akatera amagwetsa mapiko pansi chakutsogolo, ndi Trithemis arteriosa. Kugwetsa mapiko kotereku ndi khalidwe la a m'banja la Trithemis, ndipo mudzakuonanso ku Nyanga pa abale ake amtundu wabuluu woderako. Wamkulu wa chifuwa chobiriwira ndi mchira wabuluu, wotalika pafupifupi masentimita 8, amene amangoyendera dziwe uku ndi uku osatera, ndi Anax imperator.

Wachinayi mumamudziwa kale. Ndi uja wachikasu amene amadzaza pabwalo la mpira kapena pamwamba pa minda ya chimanga mvula ikayandikira, amene ana amathamangitsa ndi nthambi. Dzina lake ndi Pantala flavescens. Amayenda ndi mphepo zobweretsa mvula, ndipo ofufuza anapeza kuti ena amawoloka nyanja kuchoka ku India, kudzera ku zilumba za Maldives, mpaka kufika kum'mawa kwa Africa. Amaikira mazira m'zithaphwi za mvula, ndipo ana ake amakula pasanathe miyezi iwiri, chithaphwi chisanaume. Nthawi zina mudzamuona akugunditsa mchira pa boneti ya galimoto yonyezimira, akuyesa madzi.

Nthawi yopita ndi kayendedwe

Pitani pakati pa Novembala ndi Epulo. Mu Juni ndi Julayi ku Nyanga kumagwa chisanu, udzu umayera m'mawa, ndipo atombolombo ambiri amakhala akadali ana pansi pa madzi. Disembala ndi Januwale ndi miyezi yabwino koma ya mvula yambiri. Ine ndimakonda kumapeto kwa Malichi ndi mu Epulo, pamene mitsinje ikadali ndi madzi, dzuwa limawala masiku ambiri, ndipo masukulu amatseka moti ndimatha kutenga adzukulu. Konzani zogona masiku angapo, osati limodzi. Kumapiriko kumabwera chiperoni chija kuno amati guti, ndipo chikakuta tsiku lonse simuona tombolombo ngakhale mmodzi.

Msewu wa ku Mutare umadutsa ku Marondera mpaka ku Rusape, mtunda wa makilomita pafupifupi 170. Pa Rusape mumakhotera kumanzere, kudzera ku Juliasdale, ndipo Nyanga ili makilomita ngati 100 kuchoka pamenepo. Opanda galimoto akwere basi ku Mbare Musika m'mamawa, kapena akwere ya ku Mutare n'kutsika pa Rusape kukasintha. Opita ku Vumba apitirire mpaka ku Mutare, makilomita oposa 260 kuchoka ku Harare, kenako makilomita ngati 30 okwera phiri.

Paki ya Nyanga imayendetsedwa ndi ZimParks, bungwe la boma loyang'anira mapaki, ndipo ili ndi tinyumba tophikamo nokha pafupi ndi madamu a Udu, Mare ndi Rhodes, komanso malo omanga matenti. Kwa woona atombolombo tinyumba timeneti timaposa hotela, chifukwa mukangotuluka pakhomo madzi ali pomwepo. Sungitsani malo nthawi ikadalipo, makamaka pa Khirisimasi ndi pa Pasaka, ndipo funsani mitengo ya panthawiyo. Tengani chitupa chanu cha dziko, chifukwa okhala m'Zimbabwe amalipira mtengo wotsika kusiyana ndi alendo akunja. Ufa, mafuta ndi kapenta nyamulani kuchoka kuno. Mbatata ya kachewere ndi zipatso mukagula m'mbali mwa msewu ku Juliasdale.

Zonyamula sizambiri: chipewa, juzi yokhuthala, chodzitetezera kumvula, majombo kapena nsapato zakale zimene simudandaula zikanyowa, kabuku ndi pensulo, foni, ndi thumba la saka lokhalira pa udzu wonyowa. Valani zovala zosawala, zobiriwira kapena zotuwa. Malaya oyera amaoneka patali ndipo mukangosuntha, tombolombo wathawa. Ngati muli ndi magalasi oonera patali, kapena mungabwereke kwa mnzanu, yesani kaye kuyang'ana chinthu chimene chili pa mamita awiri. Ambiri amaona bwino zakutali koma zapafupi amazisokoneza, ndipo ntchito yathuyi ndi yapafupi.

Kusankha madzi

Tombolombo amene timamuona akuuluka ali chakumapeto kwa moyo wake. Amayamba ngati dzira m'madzi kapena m'phesi la chomera cha m'madzi. Likaswa mumatuluka kachilombo kopanda mapiko, kamtundu wa matope, kamene kamakhala pansi pa dziwe miyezi ingapo, ndipo m'madzi ozizira a kumapiri kakhoza kutha chaka kapena kuposerapo. Kamadya mphutsi za udzudzu, ambululu ang'onoang'ono, ngakhale tiana ta nsomba. Kali ndi mlomo wa m'munsi wopindika pansi pa mutu, umene umatambasuka mwadzidzidzi n'kugwira nyama. Ndanena zimenezi chifukwa mtundu uliwonse umatsatira madzi amene ana ake angakhalemo. Wa m'dziwe loima sapezeka pamathithi, wa pamathithi sapezeka padamu. Mukafuna kuona mitundu yambiri, musayende mtunda wautali. Sinthani mtundu wa madzi.

Ku Nyanga madzi ali amitundu itatu yoyandikana. Pali madamu, pali mitsinje ya miyala monga Nyangombe, Mare ndi Pungwe, ndipo pali timadambo tonyowa m'zigwa za udzu pamene kasupe amatuluka. Pamadamu musataye nthawi pakhoma kapena pamene anthu amaweza. M'madamuwa anaikamo nsomba za trout zochokera kunja, ndipo zimadya ana a tombolombo. Zungulirani mpaka pamene kamtsinje kamalowera m'damu, pamene madzi ndi osaya ndipo pali bango ndi mlulu wambiri. Nsomba zazikulu sizifika pamenepo, ndiye atombolombo amachuluka.

Pamtsinje funani pamene madzi othamanga akugwera m'kadziwe kodekha, pali miyala yowombedwa ndi dzuwa, ndipo chapafupi pali nthambi zolendewera pamthunzi. Malo otere amakupatsani mitundu ya padzuwa ndi ya pamthunzi mutakhala pamwala umodzi. Timadambo ta m'udzu anthu amangotidutsa popita kokaona mathithi, komatu m'menemo ndi mmene mumakhala Orthetrum caffrum, wabuluu wotuwira amene ali ndi mizere iwiri yoyera m'mbali mwa chifuwa. Ndi wa malo okwera, ndipo kumuona koyamba ndi chizindikiro chakuti mwafikadi kumapiri.

Kukhala pansi

Fikani pamadzi cha m'ma 9 koloko. Tombolombo amadalira dzuwa kuti thupi lifunde, ndiye kumapiri amachedwa kuyamba kusiyana ndi kuno ku Harare, popeza gawo lalikulu la paki lili pamwamba pa mamita 1,800. Kuyambira cha m'ma 10 mpaka m'ma 3 masana ndiye nthawi yeniyeni. Sankhani malo oti dzuwa likhale kumbuyo kwanu kuti mitundu ioneke bwino, koma onetsetsani kuti chithunzithunzi chanu sichikugwera pamadzi kapena pabango. Yalani saka lija, khalani, ndipo musadzuke kwa theka la ola.

Mphindi zoyambirira mudzaona ngati palibe kanthu, chifukwa kufika kwanu kwathamangitsa zonse. Apa ndi pamene anthu ambiri amanyamuka n'kumati pano palibe. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tombolombo wamwamuna amakhala ndi kadera kake m'mbali mwa madzi, ndipo amakhala ndi kamtengo kapena mwala umene amaukonda. Mukamuthamangitsa amazungulira n'kubwerera pomwepo. Choncho mukamuona akuuluka musamulondole ndi miyendo, ngakhale ndi maso musavutike. Yang'anitsitsani pamene anachokera, lozetsani magalasi kapena foni pamenepo, dikirani. Abwera.

Ngati pamalopo palibe potera pabwino, zikani kamtengo kouma m'matope, kotalika kufika m'bondo, pamtunda wa mikono iwiri kuchoka pamene mwakhala. Kawirikawiri sipapita nthawi wina asanatere. Njira imeneyi imathandiza kwambiri pamene muli ndi ana, chifukwa mwana akazika yekha kamtengo kake amakhala chete kukalonda. Mdzukulu wanga wamkazi amanong'ona kuti, "Agogo, watera pa kanga," ndipo amakhala osagwedezeka nthawi yaitali kuposa mmene amakhalira m'tchalitchi.

Mukafuna kuyandikira, yandikirani chokwawa, pang'onopang'ono, molunjika, osati modutsa cham'mbali. Maso a tombolombo wamkulu ali ndi timagawo tofika pafupifupi 30,000 diso limodzi, ndipo chimene amachiona msanga ndi kusuntha kwadzidzidzi. Dzanja lokwezedwa mofulumira limamuthamangitsa, koma munthu wobwera mosaoneka kuti akubwera akhoza kufikitsa foni pafupi kwambiri. Mtambo ukaphimba dzuwa mudzaona onse akusowa nthawi imodzi. Musachoke. Imwani tiyi wa m'fulasiki, dzuwa likatuluka abwereranso.

Mukakhala chonchi mumayamba kuona zochita zawo, ndipo kwa ine zimenezi zimakoma kuposa kudziwa maina. Amuna awiri amathamangitsana mpaka kumveka kukhulana kwa mapiko. Wina amanyamuka pakamtengo, kukola kantchentche m'mwamba ndi miyendo, n'kubwerera kudzadyera pomwe anali. Dzuwa likatentha kwambiri, a Trithemis amaimika mchira kuloza kumwamba kuti thupi lisawombedwe lonse. Mudzaona awiri akuuluka atalumikizana: wamwamuna amagwira wamkazi kumbuyo kwa mutu ndi zogwirira za kunsonga ya mchira, wamkazi n'kupinda mchira wake kufikitsa kumimba kwa wamwamuna, awiriwo n'kupanga mkombero. Pambuyo pake wamkazi amaikira. Ena amangogunda madzi ndi nsonga ya mchira akuuluka, wamwamuna akulondera pamwamba. Wamkazi wa Anax imperator amatera pa chomera choyandama n'kuboola phesi kuikamo mazira. Ena a gulu lopyapyala amatsika ndi phesi mpaka kumira m'madzi, n'kutulukanso patapita nthawi.

Pafupifupi onse owala amene mumawaona pamadzi ndi aamuna. Aakazi amakhala kutali m'udzu ndi m'tchire, amtundu wachikasu kapena wakhofi, ndipo amabwera kumadzi pofuna kukwerana ndi kuikira basi. Kuwazindikira n'kovuta ngakhale kwa odziwa. Yambani ndi aamuna. Wamkazi mumudziwe pomuona ali ndi mwamuna wake.

M'mamawa musagone. Dzuwa lisanafunde, yendani m'udzu wautali pafupi ndi madzi. Mupeza atombolombo atakangamira pa udzu, mapiko ali ndi mame, osatha kuuluka, ndipo mukhoza kuwajambula mmene mungafunire. Yang'ananinso pamapesi a bango, chikhatho chimodzi kapena ziwiri pamwamba pa madzi. Mwana wa tombolombo akakhwima amakwera pamenepo usiku kapena mbandakucha, msana umang'ambika, wamkulu n'kutuluka, ndipo chikhungu chouma chimene wafundula chimatsala chitagwira phesi. Chikhungu chimenechi ndi umboni wakuti mtunduwo umaswana m'madzi amenewo, sunangodutsa. Tembenuzani magalasi oonera patali, muyang'anire kumbali yaikulu mutayandikitsa mbali yaing'ono pachikhungucho, ndipo muona mlomo wopindika uja bwinobwino. Mukapeza amene wangotuluka kumene, wotumbululuka, wa mapiko onyezimira, musamukhudze. Mapiko ake sanaume, ndipo akapindika sadzaulukanso.

Za kugwira ndinene mosabisa. Tili ana tinkawagwira n'kuwamanga ulusi kumchira. Ana athu tisawaphunzitse zimenezo. M'paki n'koletsedwa kugwira kapena kutenga chamoyo chilichonse popanda chilolezo, ndipo chithunzi chabwino chimakwanira.

A kumapiri enieni

Amene ndimamufuna kwambiri pamtsinje wa miyala ndi Platycypha caligata. Ndi wamng'ono, wa gulu lopinda mapiko koma wathupi lalifupi, mchira wabuluu wowala, ndipo miyendo ya wamwamuna ndi yophwatalala, yoyera mkati, yofiira kunja. Akaona wamkazi amauluka patsogolo pake akugwedeza miyendoyo, kuyera kwake kukuphethira pamthunzi. Mufuneni pamiyala ndi pazipika zimene zili pakati pa madzi othamanga, makamaka kumunsi kofunda. Ali ndi m'bale wake, Platycypha inyangae, amene amadziwika kumapiri a Nyanga okha. Anamulemba koyamba m'chaka cha 1958 ndi Elliot Pinhey, katswiri wa tizilombo amene anagwira ntchito zaka zambiri kunyumba yosungira zachilengedwe ku Bulawayo, kumene atombolombo amene anasonkhanitsa akusungidwabe. Choncho mukaona wa miyendo yophwatalala pamtsinje wa pamwamba pa Nyanga, musafulumire kumutcha dzina. Mujambuleni kuchokera pamwamba kuti maonekedwe a pamsana pa mchira aoneke.

Pamitsinje ya m'nkhalango yang'anani m'nthambi zolendewera pamwamba pa madzi. M'menemo mumakhala Chlorolestes elegans, wautali, wobiriwira monyezimira. Ameneyu amasokoneza ongoyamba kumene, chifukwa ndi wa gulu lopyapyala koma amalendewera mapiko ali otambasula. Yang'anani maso ake otalikirana, mudziwa gulu lake. Amapezekanso ku phiri la Mulanje, ndipo inu amene mumapita kumudzi ku Malawi pa Disembala dziwani kuti pamwamba pa Mulanje palinso wina wofiira, Oreocnemis phoenix, amene sapezeka kwina kulikonse padziko.

Ku Vumba yambirani pamaiwe a m'munda wa maluwa wa boma, Vumba Botanical Garden, chifukwa njira zake n'zosavuta ngakhale kwa okalamba. Kenako lowani m'nkhalango ya Bunga, mufune pamene kuwala kwa dzuwa kumaboola masamba n'kugwera pakamtsinje. Atombolombo a m'nkhalango amatsika kuchoka m'mitengo pamene dzuwa lafika pamadzi, ndipo likachoka amakweranso, mwina patangotha ola limodzi. Kumeneko kuli kakang'ono kotchedwa Pseudagrion vumbaense, kamene kanatenga dzina la phirilo. A m'banja la Pseudagrion ndi ambiri ndipo amafanana kwambiri. Chowasiyanitsa ndi mtundu wa kumaso ndi nsonga ya mchira, ndiye jambulani mbali ziwirizo.

Ngati muli ndi galimoto ndi tsiku lapadera, tsikirani m'chigwa cha Honde, kumene kuli minda ya tiyi. Kumeneko n'kotsika ndi kofunda, ndipo mitundu yake ndi ina. Kuona mtsinje wa Pungwe pamwamba, pafupi ndi pamene umayambira m'munsi mwa phiri la Nyangani, n'kudzauonanso m'chigwa ukulowera ku Mozambique, kumaphunzitsa msanga mmene kutalika kwa malo kumasinthira zamoyo. Ku Chimanimani nakonso n'kwabwino, koma n'kutali ndipo kumafuna ulendo wakewake.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandipweteka mtima ku Nyanga. Mitengo ya paini ndi ya wattle, imene inabwera kudzabzalidwa m'minda ya matabwa ndi makungwa, yafalikira m'udzu wachilengedwe ndi m'mbali mwa mitsinje. Imamwa madzi ambiri ndipo imatseka dzuwa. Yesani nokha: khalani theka la ola pamtsinje pamene wattle wakuta, muwerenge atombolombo, kenako musunthire pamene pali udzu ndi dzuwa, muwerengenso. Chimodzimodzi pamitsinje imene okumba golide adetsa ndi matope. Matopewo amakwirira miyala imene ana a tombolombo amabisalamo. Ku South Africa akatswiri amayeza thanzi la mtsinje poona mitundu ya atombolombo imene ilipo, ndipo munthu wamba akakhala pansi ndi kabuku akuchita chiyambi cha ntchito yomweyo.

Zina zimene zimabwera kwa munthu wokhala chete

Ubwino wokhala pamadzi osayenda ndi wakuti zamoyo zina zimaiwala kuti mulipo. M'zigwa za udzu za Nyanga yang'anani namzeze wabuluu woderako, wonyezimira, amene wamwamuna wake ali ndi nthenga ziwiri zazitali kumchira. Amauluka motsika pamwamba pa udzu wonyowa. Ndi mbalame imene yatsala yochepa padziko. Imabwera kudzaswana kuno m'nyengo ya mvula, imamanga chisa m'maenje a pansi ndi m'zigwembe za m'mbali mwa timitsinje, ndipo cha mu Epulo imabwerera kumadera ozungulira nyanja ya Victoria. Ku Nyika ndi ku Mulanje imaswananso. Mukaona ikulowa m'dzenje, musapite kukasuzumira.

Pamaluwa a protea pamabwera timbalame toyamwa timadzi ta m'maluwa, ena obiriwira monyezimira a mchira wautali. Pamiyala ikuluikulu mukhoza kuona chinkhoma chitaima pansonga za ziboda. Mphoyo zimagona m'udzu wa m'madambo ndipo zimaliza kamluzu zikadzidzimuka. Ngoma, mbawala ndi agwape zimatuluka m'mawa ndi madzulo. Katumbu savuta kudziwa kuti alipo ngakhale simumuona: pamiyala ya m'mbali mwa mtsinje mupeza ndowe zodzaza ndi zidutswa za nkhanu. Ku Vumba mverani nthambi zikugwedezeka pamwamba, ndi anchima amenewo, ndipo pansi pamthunzi pamakhala kambalame kosowa kotchedwa Swynnerton's robin, kachifuwa kachikasu chofiirira ndi kachigamba koyera pakhosi, kamene anthu amachokera kunja kudzakafuna. Anyani musawapatse chakudya, ndipo tsekani chitseko cha kanyumba mukachoka.

Kusamala

Miyala ya m'mitsinje imeneyi imaterera kwambiri, makamaka pamwamba pa mathithi. Mvula ikagwa kumtunda madzi amakwera mwadzidzidzi ngakhale pamene muli pali dzuwa, choncho mukaona madzi ayamba kuda kapena kubweretsa zinyalala, tulukani mumtsinje. Mabingu akayamba chokani pamtunda poyera ndi pamadzi. Yang'anani poponda ndi pogwira, chifukwa mphiri imakonda kuothera dzuwa panjira. Madzulo fufuzani nkhupakupa m'miyendo, ana muwaone ndinu. M'chigwa cha Honde muli malungo, gonani m'neti, ndipo musalowe m'madzi oima ofunda chifukwa cha likodzo.

Phiri la Nyangani, la mamita 2,592, ndilo lalitali m'Zimbabwe monse, ndipo ambiri amafuna kulikwera. Chifunga chimatsika mofulumira pamenepo ndipo anthu anasowapo. Lembetsani ku ofesi ya paki, pitani ndi wolondolera, nyamukani m'mawa, ndipo akakuuzani za miyambo ya eni dera yokhudza phirilo, itsateni mwaulemu monga mmene ife timafunira kuti alendo alemekeze za kwathu. Ku mathithi a Mutarazi, amene amagwa mamita oposa 750, ana agwireni padzanja.

Kulemba zimene mwaona

Musadalire kukumbukira. Pa tombolombo aliyense lembani tsiku, ola, malo, mtundu wa madzi, kaya ndi padzuwa kapena pamthunzi, kukula kwake poyerekeza ndi chala chanu, mtundu wa maso, wa chifuwa ndi wa mchira, ndi mmene amaikira mapiko akatera. Pensulo ndi yabwino kuposa bolopeni chifukwa pepala likanyowa siifufutika. Pojambula yesetsani kupeza zithunzi zitatu: cham'mbali choonetsa mizere ya pachifuwa, chapamwamba choonetsa mchira ndi mapiko, ndi chakumaso. Foni ikakana kuona kanthu kakang'ono n'kumaonetsa udzu wa kumbuyo, ikani dzanja lanu pamtunda wofanana, foni igwire dzanjalo, dinikizani chala pagalasi kuti isasinthe, kenako lozetsani kwa tombolombo.

Tsegulani choonetsa malo pafoni musanayambe kujambula, kuti chithunzi chilichonse chisunge pamene chinajambulidwa. M'zigwa zambiri netiweki imavuta, ndiye zotumiza mudzatumiza mutabwerera. Ikani zithunzizo pa iNaturalist, pulogalamu yaulere ya pafoni ndi pa intaneti yoikapo zithunzi za zamoyo. Ngati dzina simukulidziwa lembani Odonata basi, dzina la akatswiri la atombolombo onse, odziwa adzakuthandizani kufika pa mtundu wake, ndipo zimene mwaikazo zimagwiritsidwa ntchito ndi ofufuza. Zithunzi zimene zikuoneka ngati zalephereka musafufute muli kumtsinje. Dikirani mukazione pagalasi lalikulu kunyumba, chifukwa nthawi zina mzere wa pachifuwa umene ukufunika kuti mtundu udziwike umaoneka pachithunzi chimene mutu wake sunatuluke bwino.